Malata a Ababa

Mukadzalowa m'gemu muja, m'nkhalango yosungiramo nyama, pa galimoto ya alendo, adzakufikitsani pa kanyumba ka njerwa zootcha, kopanda denga, pafupi ndi mitengo iwiri ya mango. Ndimamva kuti anyamata operekeza alendo amati denga lake linapita ndi mphepo, ena amati linagwetsedwa ndi njovu. Bodza lamkunkhuniza! Denga limenelo ndinachotsa ndine, Esinati mwana wa a Jailosi, pamodzi ndi mlongo wanga Layitoni, chaka cha njala chija. M'nyumba imeneyo ndi mmene ndinabadwira. Ndiye ndiloleni ndinene ndekha mmene zinayendera, poti njovu sizingathe kudzikanira mlandu.

Ababa anaimanga atabwera ku Joni, kumene anatha zaka akukumba pansi. Anzawo ankabwerako ndi njinga, mawayilesi ndi majasi aatali. Iwo ndalama zawo zonse anazithera pa malata. Anagula ku Limbe pobwerera, lole n'kuwatula ku Mwanza, kuchoka apo anthu n'kuwasenza pamutu mpaka kumudzi. M'dera lonselo munalibe nyumba ina ya malata. Mvula ikamagwa ana a eni ake ankathamangira pakhonde pathu kudzangomvera phokoso lake, ife n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Amayi anachita kuwatenga chitengwa, motero nyumbayo inali ya ababa enieni, panalibe mlamu woti angawaloze njira.

Ndisanathe msinkhu, boma linafutukula malire a gemu, mudzi wathu wonse n'kugwera m'kati. Tsiku losamuka dalaivala wa lole anati, "Madala, zulani malatawa tikweze. Muwasiyira anyani?" Ababa anakana kwamtuwagalu. Kwathu kuno nyumba imasasulidwa mwini wake akamwalira: maliro akatha, abale amakachotsa denga kuti aliyense, ndi malemuyo yemwe, adziwe kuti pakhomopo patha. Munthu wamoyo kuchotsa denga lake ndi kuitana maliro. Anangokhoma chitseko ndi loko, kiyi n'kumanga pachingwe, n'kuvala m'khosi. Ankati tidzabwerera. Alonda a gemu anagonamo zaka zingapo mpaka malowo n'kumawatchula kuti pa Jailosi, kenako anamanga kampu yawo kwina, kenakonso kunabwera waya wamagetsi. Ife tinakhazikika kuno kwa Kanduku, amayi tinawaika konkuno, ndipo panalibe wa m'banja mwathu amene anapondakonso kumeneko mpaka chaka cha njala chija.

Novembala

Chaka chimenecho dzuwa linawamba kuyambira Okutobala osapumira, mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Bambo a ana anga anali atawolokera ku Zobwe kukasaka ganyu, n'kupitirira mpaka ku Tete, ndipo ganyuyo mpaka lero sanamalize. Anandisiya ndi anyamata awiri ndi mzime wanga Edina, amene anali ndi zaka zinayi. Ababa ankagona m'kanyumba ka udzu kuseri kwa yanga. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, koma manja ankagwirabe ntchito. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa manachesi akuluka malichero, kiyi uja akulendewera pachifuwa.

Iwo ndi Edina ankatchulana mwamuna ndi mkazi, monga amachitira agogo ndi mdzukulu.

"Mkazi wanga, lero wandiphikira chiyani?" ankatero ababa.

"Palibe! Inu amuna anga ndinu aulesi, simunagule ndiwo," Edina ankayankha, manja ali m'chiuno.

"Ukapitiriza mwano sindikakulowetsa m'nyumba yanga ya malata."

Malatawo ndiye sankachoka pakamwa pawo. Akamva kuti wina wafolera nyumba ankafunsa kuti, "Ndi malata kapena mapepala? Anga aja ungayendepo ndi nsapato, osapindika. A masiku anowa ukangoyetsemula abooka." Tinali titazolowera, tinkangoti eya ababa.

Mvula yobzalira inagwa mwezi ukupita kumapeto. Tinabzala mbewu ya m'nkhokwe, yopanda feteleza, ndi maungu m'mizere monga mwa nthawi zonse. Nditatapa mbewuyo ndinasuzumira m'nkhokwemo n'kuona kuti chotsalacho Khrisimasi sichiiona. Sindinauze munthu.

Disembala

Mmera unali wokongola, ndisaname. Tinapalira ndi mtima wonse ngakhale m'mimba munalibe kanthu. Chimanga cha m'nkhokwe chinatha mwezi uli pakati. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenako tinatembenukira ku mango osapsa: kusenda, kuwiritsa, kuthira kamchere. Ana ankadya akusisima, mano atayayamira.

Pamsika mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Mbuzi imene chaka chinacho ikanagula matumba awiri a chimanga ndinaisinthanitsa ndi ndowa imodzi, ndowa yakenso yomenyedwa kunsi kuti ichepe m'kati. Madeya amene tinkapatsa nkhumba anasanduka chakudya cha anthu, ndipo kuchigayo amayi ankakanganirana kusesa pansi. Ena anakwatitsa ana aakazi akadali pasukulu kuti pakhomo pachepe pakamwa. Amene anali ndi abale kutsidya kwa malire anatseka zitseko n'kusamukirako. Malichero a ababa analibe wogula. Upeta chiyani?

Ndi mwezi umenewu mavenda anayamba kuyenda m'midzi akugula chilichonse: mawayilesi, mipando, zitseko, makamaka malata. Anyamata ena amene anali atafolera nyumba ndi ndalama za makala anayamba kuzula malata awo limodzilimodzi, n'kumaphimba ndi pulasitiki. Ababa atamva anapukusa mutu. "Akudziitanira zovuta ana amenewa." Ndipo poti chaka chimenecho maliro anayamba kugwa mbali zonse, ukanawatsutsa bwanji? Ife tinalibe choti tizule. Nyumba yanga inali ya udzu, ya Layitoni chimodzimodzi.

Pa Khrisimasi tinapita kutchalitchi, tinaimba, tinabwerako, tinawiritsa mango.

Januwale

Mvula inadula chimanga chili m'chiuno, chatsala pang'ono kumasula. Sabata yoyamba tinati ibwera. Yachiwiri masamba anapotana ngati a anyezi. Mitambo inkabwera masana kudzationa n'kubwerera ku Mozambiki. Mipingo yonse inasonkhana pabwalo la sukulu kupempha mvula, tinabwerako ndi fumbi m'miyendo. Mango anatha. Tinkathyola chisoso, bonongwe ndi nkhwani, kuphika popanda nsinjiro, kumwera madzi. Anthu ankawoloka malire kukalima m'minda ya eni, malipiro ake kambale ka makaka, chinangwa chouma chija. Ine ndinapita ku boma kukaima pamzere pa depoti ya chimanga, ndinagona komweko pakhonde la sitolo, ndipo chinatha patsogolo panga patatsala anthu ochepa okha. Ndinabwerako wapansi, thumba lopinda lili kukhwapa. Za chithandizo tinkangomva mphekesera: lero akuti chafika kwa Nthache, mawa akuti galimoto yake yafera panjira.

Edina anasiya mwano. Chimenecho ndicho chinayamba kundiopsa. Ankangokhala pamwendo pa agogo ake, chala m'kamwa, tsitsi litafiira, mapazi akutupa. Ndikadina ndi chala, kadzenje kankatsala pomwepo. Kuchipatala chaching'ono anandipatsa timapaketi ta chiponde n'kunena kuti china chibwera mwezi wamawa. Timapaketito sitinakhalitse, nanga azichimwene ake akanangoyang'ana?

Tsiku lina Layitoni anabwera ndi Dausi, bambo wootcha makala amene ankadziwika kuti amalowa m'gemu mozemba kukatchera misampha. Dausi analumbira kuti nyumba yathu anaiona ali pamwamba pa phiri. "Denga lonse lilipo, mayi. Palibe ndi lata limodzi lomwe lachoka." Layitoni anali atakonza kale zonse m'mutu: polowera pamene kamtsinje kamadutsa kunsi kwa waya, anthu osenza, ndi venda wogula. Malata akalekale, olimba ngati amenewo, akanatigulira chimanga chotifikitsa pa mondokwa tonse, banja lake ndi langa.

Tinawapeza ababa pansi pa mtengo wawo uja. Layitoni anakhala pansi n'kuvula kapusi.

"Ababa, tabwera ndi pempho. Tiloleni tikazule malata aja. Ana akutha."

Ababa anasiya kuluka. "Ine ndafa?"

"Ayi, ababa."

"Nanga mukufuna kusasula nyumba ya ndani?"

"Mwambo tidya, ababa?" Layitoni anakweza mawu. "Anyani akubisala mvula m'nyumba ya malata, zidzukulu zanu zikutupa kuno!"

"Iwe unali kumsana, sukudziwa. Tsiku losamuka lija a Bwanali anasasula yawo, akuti mitengo yake ikagwira ntchito kutsogoloko. Chaka chisanathe anaika ana awiri. Iwowo anatsala, akudya bwinobwino. Maliro a denga sasankha mwini denga. Mukakazula, mukudziwa amene adzamugwere?" Anasisita mutu wa Edina, amene anali atagona pamwendo pawo. "Ine mkazi wangayu sindingamuike pachiswe."

Layitoni anachoka akung'ung'udza, anati apita basi, alole asalole. Amene ndinamugwira mwendo kuti asapite ndine. Ndine munthu wopemphera, wa kwaya ya amayi, ndipo mukanandifunsa pakhomo pa tchalitchi ndikanati zimenezo n'zachikale. Koma mwana amene ankanenedwayo anali wanga. Ndinaopa.

Febuluwale

Tsopano chakudya chinali phala la madeya, kapu imodzi munthu aliyense, dzuwa likapendeka. Ababa anayamba kachitidwe kachilendo. Nthawi ya phala ikayandikira ankatenga ndodo yawo n'kupita kwa a Nachisale, mayi wamasiye woyandikana nafe, amene mwana wawo ankawatumizira kangachepe kuchokera ku Blantyre. Pobwerako ankadzisisita pamimba.

"Ine ndakhuta kwa chibwenzi changa. Kapu yangayo umupatse mkazi wanga wamng'onoyu, asachite nsanje."

Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha a Nachisale. Edina ankamwa makapu awiri, ndipo maso ake anayambanso kutsata nkhuku pabwalo. Masabata anapita choncho. Ababa ankaonda, koma ndani sankaonda? Tsiku lina ndinakumana ndi a Nachisale kumjigo, ndinagwada n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, Mulungu akudalitseni posunga ababa."

Anandiyang'ana modabwa. "Kusunga kwanji, mwanawe? Amabwera, amakhala pakhonde, amapempha madzi akumwa, timacheza za kumudzi kwakale. Ndikawapatsa kanthu amati adya kale kwa iwe."

Chidebe ndinachisiya pomwepo. Ndinawapeza atagona pamphasa m'kanyumba kawo masanasana, ndipo ndi tsiku limenelo ndinawayang'anitsitsa: nthiti zonse pamtunda, chingwe cha kiyi chili lende pakhosi lotha. Ndinakalipa, ine amene chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu.

"Ababa, mukuchita chiyani? Mukufuna anthu adzati Esinati anapha bambo ake ndi njala?"

"Khala pansi, usandisokosere." Mawu awo anali otsika koma osanjenjemera. "Ndinakana kuti musasule ndili moyo, ndipo ndikukanabe. Mwambo umati nyumba isasulidwe mwini wake atapita. Koma sunanene kuti mwini wakeyo azichedwa."

"Limenelo ndi tchimo, ababa!"

"Tchimo ndi nkhalamba kumwa phala la mwana. Ine ndadya zaka zambiri. Ndinadya buledi ku Joni, ndinadya nyama ya njati, ndinagona m'nyumba ya malata. Uyu wadya chiyani?"

Ndinalira, ndinapempha, ndinati basi za malata taziiwala, sitidzazitchulanso. Ndinaitana Layitoni, naye analira ngati mwana, akupepesa mawu ake aja. Tinaitana akuluampingo. Ndinagulitsa zitenje zanga zakutchalitchi n'kugula kaufa koyera, ndinaphika phala lamadzimadzi n'kuwagwirizira supuni pakamwa. Anamwako pang'ono kuti andisangalatse, koma m'mimba munali mutatseka kale, linabwerera lonse. Tinawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala, anawaika diripi, koma atangopezako kamphamvu kolankhulira anaumirira kuti akufuna kwawo.

Mvula inabwerera sabata imeneyo, yamphamvu, chimanga chambiri chitapserera kale. Ababa anali gone, akumvetsera ikugwa.

"Pa udzu mvula simveka," anatero. "Mkazi wanga wamng'onoyu sanaimvepo pa malata anga." Kenako anavula chingwe chija n'kundiveka m'khosi. "Mukandiika musachedwe. Musakalowe mozemba ngati akuba, nyumba ndi yanga. Mukapemphe kwa alonda, mukanene kuti mwini wake wapita. Ndipo venda asakupusitseni, amenewo si mapepala."

Anamwalira m'mawa mwake, nkhuku zitatuluka kale. Tinawaika m'mphasa poti matabwa kunalibe, ndipo okumba manda ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha kufooka. Edina ankafunsa aliyense kuti amuna ake apita kuti. Mtima wanga unali wosweka, komabe pansi pa chisonicho panali kaganizo kamene sikankachoka: tsopano ana adya.

Malichi

Titameta, ine ndi Layitoni tinapita ku geti la gemu. Tinafotokoza za mwambo, tinapempha kutulutsa zinthu za malemu, koma za kugulitsa sitinatchule. Anatizungulitsa pang'ono, uyu akuti dikirani abwana, uyo akuti bwerani mawa, koma pomaliza analola. Anatipatsa mlonda mmodzi wamfuti, a Mofati, bambo wachikulire wofatsa wa kuchigwa, amene anati kwawonso mwambowo ulipo. Venda tinapangana naye kuti atidikire kunja kwa geti ndi ngolo. Tinanyamula hamala ndi chitsulo chozulira misomali, tinatenganso asuweni athu awiri oti asenze.

Galimoto yawo inatitula pamene msewu unathera, kwinako tinayenda. Njira mapazi anga ankaidziwabe, ngakhale tchire linali litameza zonse. Apa panali pa a Bwanali, apo padambo pamene tinkachapa. Ndowe za njovu ponseponse. Kenako mitengo ya mango ija, itatambalala kuposa mmene ndinaisiyira, ndipo m'munsi mwake nyumba yathu. Inali yaing'ono, abale! Ine ndinkaikumbuka ngati tchalitchi. Dausi sananame, denga lonse linalipo, lofiira ngati dothi la katondo.

Ndinavula kiyi m'khosi, koma panalibe potsekula. Chitseko chiswe chinadya kalekale. Ndinalowa. M'kati munkanunkha mileme. Nditakweza maso ndinaona timabowo tosawerengeka, dzuwa likulowa ngati m'sefa, timadontho ta kuwala tili mbwee pansi ponse ndi pamikono panga. Ndinangoima, mutu ukukana zimene maso akuona.

Layitoni anakwera pakhoma n'kugwira lata loyamba kuti alikoke. Dzanja lake linangoboola n'kutulukira kunsi. Chimene chinatsala m'manja mwake chinafumbutuka ngati tsamba louma la fodya. Anayesa lachiwiri, anayesa lachitatu. Masamba a mango anali ataunjikana padengapo zaka zonsezo akusunga chinyontho, dzimbiri n'kudya mpaka kumaliza. Anakhala pakhoma pomwepo, miyendo ili lende, n'kuyamba kukuwa: "Ababa ine! Ababa ine!"

A Mofati anadabwa, anafunsa chimene chachitika. Ndinawauza zonse, za venda, za kapu ya phala, za khonde la a Nachisale. Anavula chipewa.

"Mayi, mukanandifunsa," anatero motsitsa. "Timadutsa pano mwezi ndi mwezi. Denga ili linatha ine ndisanayambe ntchito. Ngakhale mvula sitibisalamo."

Safunsa anadya phula, amatero akulu. Koma tikanafunsa bwanji, poti tinkapangana zakuba? Mwezi wonse wa Januwale alonda ankadutsa pamsika pathu kugula fodya ndi tomato, ife n'kumawazemba.

Ndinapukuta misozi n'kuuza Layitoni kuti amalize. Tinabwerera mwambo, mwambo uchitike. Sipanafunike hamala. Ankangokankha ndi mtengo, malata n'kumagwa okha m'zidutswazidutswa, fumbi lofiira lili kobo, mileme ikuthawa. Dzuwa lisanafike pamutu nyumba ya ababa inali yosasula. Pofukula zinyalalazo ndinapeza chidutswa chimodzi chokha chamoyo, chimene chinabisala kunsi kwa lata linzake pamsonga pa denga, kukula kwake ngati lichero. Ndinachipukuta ndi chitenje, chinawala. Ndinayesa kuchipinda ndi manja, chinakana. Ababa sankanama, sanali mapepala.

Venda atationa tikutuluka ndi kachidutswa kamodzi kukhwapa anangotembenuza ngolo. A Mofati anatiimitsa pa geti, analowa m'nyumba yawo n'kutuluka ndi kathumba ka ufa ndi nyemba, za pa chakudya chawo cha kuntchito. Anangoti, "Kaphikireni mwanayo."

Tinafika kunyumba mvula ikuyamba. Edina anali pakhomo, chala m'kamwa.

"Amayi, nyumba ya amuna anga mwaiona?"

"Ndaiona. Tabwera kuno."

Ndinamukokera pabwalo, ndinagwira chidutswa chija pamwamba pa mutu wake ndi manja awiri. Mvula inayamba kugogoda. Anatchera khutu, anachotsa chala m'kamwa, kenako anaseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

"Ikulira, amayi!"

Ine ndinanyowa thupi lonse, ndipo zinandithandiza, poti mwanayo sanaone kuti nkhope yanga yanyowa ndi chiyani.

Meyi

Ufa wa a Mofati unatifikitsa pa maungu. Mvula yochedwa ija chimanga sinachipulumutse, koma maungu anayala m'munda monse. Tinawadya m'mawa, masana ndi madzulo mpaka ana kuyamba kuwadandaula, ndipo apo ndi pamene ndinadziwa kuti njala ikutha. Mu Epulo chithandizo chija chinafikadi, anthu atatopa kuchidikira. Pokolola ndinapeza madengu ochepa a chimanga cha njere zapatalipatali. Edina mapazi anaphwa, tsitsi linada, mwano unabwerera. Namwino atamuyeza anandifunsa kuti, "Mwana uyu mu Febuluwale munkamupatsa chiyani? Anzake amene anatupa naye limodzi, ambiri sitili nawo." Ndinamubereka mwanayo n'kutuluka. Lero Edina ndi mayi wa ana awiri, ndipo nyumba yake ndi ya malata, a mapepala omwewa.

Chidutswa chija Layitoni anachikhomera pa mtengo wa muwanga n'kulembapo dzina la ababa ndi penti yotsala kutchalitchi. Titatha kukolola tinapempha kwa eni manda n'kupita nacho. Atachizika kumutu anapatuka, anandisiya ndekha. Ndinagwada, ndinakumba kadzenje ndi chala n'kukwiriramo kiyi uja. Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri, koma pakamwa panatuluka ena.

"Ababa, ndine Esinati. Tinapita. Tinachita kupempha monga munanenera, tinalowera pa geti. Nyumba tasasula." Ndinasalaza dothi ndi dzanja. "Malata tinawapeza ali bwinobwino, onse. Venda sanatipusitse. Mkazi wanu wadya, wakhuta, akusewera panja."

Moyo wanga wonse ababa ndinawanamiza kamodzi kokha, ndi pamenepo, ndipo mpaka lero sindinalape.